Ndege inandipeza m'dzenje

Cholakwa changa chinali chaching'ono, ndipo mpaka lero ndimaumirira kuti chinali chaching'ono: ndinayeza liwiro la ndege ndi wotchi ya pamkono nditaimirira pa chulu. Basi. Sindinabe, sindinatukwane munthu, sindinaledzere. Koma mukapita ku Chiosya lero n'kufunsa za mkamwini wokonda mabuku uja, sakuuzani za mabuku ayi. Akuuzani za dzenje.

Ndiyambe ndadziulula. Sukulu ndinalekezera sitandade 7, koma kuwerenga sindinasiye. Chilichonse cholembedwa chimene chinkadutsa pafupi nane ndinkachiwerenga: nyuzipepala zokulungira matemba, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, zolemba za pa matumba a feteleza. Nditakwatira n'kudzakhala kwawo kwa akazi anga a Naphiri, anthu a m'mudzimo anandipatsa dzina loti Aphunzitsi. (Zinanditengera zaka zitatu kuti ndizindikire kuti sankanditamanda.) Akamwini anzanga ankadziwika ndi mizere imene alima ndi zigafa za fodya zimene amanga. Ine ndinkadziwika ndi mthunzi wa mtengo wa mango.

Ntchito imodzi yokha ndiyo inkandisungira ulemu pamudzipo: makalata onse a pabanja ndinkawerenga ndine. Kalata ikabwera, apongozi anga aakazi, amene mwamwambo sitinkayang'anizana kumaso, ankakhala kuseri kwa nkhokwe, ine kuno, n'kumawerenga mokweza ngati wailesi. Pa mphindi zimenezo ndinkakhala munthu. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti tsiku limene adzandilande makalatawo, ndidzatsala mkamwini wongodya.

Munali m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, nthawi ija manesi ankapita ku Mangalande ngati akuitanidwa ndi belu. Mlamu wanga Velonika, mng'ono wa akazi anga, anali mmodzi wa iwo, ndipo anali atatha zaka zisanu asanaponde kwawo. Ndiye kunabwera kalata. Ndinakhala pamalo panga, apongozi pamalo pawo, n'kuwerenga kuti Velonika akubwera, ndipo akubwera ndi bambo wina, a Chirwa, Mmalawi mnzathu amene anakumana naye konko, kuti adzaonekere kwa makolo. "Tidzanyamuka ku London Lachinayi lomaliza la mwezi wa Ogasiti," inatero kalatayo. "Musavutike kudzatichingamira ku bwalo la ndege ku Lumbadzi, tidzapeza galimoto."

Kuseri kwa nkhokwe, apongozi analankhula ndi mwana wawo, monga mwa nthawi zonse akafuna kulankhula ndi ine.

"Naphiri, tawafunsa bambo a kwanuwo. Kunyamuka tamva. Nanga kufika?"

Ndinatembenuza kalata ija, ndinasuzumira ndi mu envelopu momwe. Za kufika munalibe. Munthu wanzeru akanati, "Sindikudziwa, ndikafunsa ku boma." Mawu osavuta, njinga inalipo, msewu unali wouma. Koma ine ndinali Aphunzitsi.

"Auzeni amayi andipatse masiku awiri," ndinatero. "Ndiwerengetsera."

Ndinali ndi buku la mapu limene ndinagula pa kaunjika ku boma. Malume awo a akazi anga anali atasuta kale Asia yense ndi theka la Amereka popichirira chingambwe, koma mwamwayi tsamba losonyeza Afirika ndi Ulaya pamodzi linapulumuka. Ndinatenga ulusi wa a Naphiri, mbali ina pa London, mbali ina pa Lilongwe, n'kuyeza ndi rula malinga ndi kamzere kamene kali m'munsi mwa mapu. Ndinapeza makilomita pafupifupi 8,000. Ndikupemphani mugwire bwino pamenepa, chifukwa ndi pokhapo pamene ndinakhoza m'nkhani yonseyi: mtundawo unali wolondola.

Chinatsala ndi liwiro. M'mabuku anga onse munalibe pamene analemba kuti ndege imathamanga bwanji. (Thumba la feteleza limakhala chete pa nkhani imeneyi.) Koma kwathu kuno ndege zinkadutsa kumwamba, kulowera cha ku Zambia. Ndiye m'mawa wina ndinakwera chulu cha kumunda, wotchi ili pamkono, khosi lili chagada. Ndege inatulukira pamwamba pa mitengo ya bulugama ya kum'mawa, n'kukazimiririka pamwamba pa kaphiri ka kumadzulo. Mphindi zisanu ndi imodzi. Kuchokera pa bulugama paja kukafika pa kaphiri kaja ndinkapadziwa bwino, ndinkapapalasa pa njinga: makilomita ngati 12. Ndinalemba pansi ndi kamtengo. Ndege imayenda makilomita 120 pa ola.

Ndinadabwa pang'ono kuti chinthu chotchuka chonchi chikungoposa pang'ono minibasi ya dalaivala wa changu pa msewu wa ku Lilongwe. Koma ndinakumbuka mmene imaonekera kumwamba, ikukwawa ngati nkhono pa khoma, ndipo mtima unakhala pansi. Maso anga anaona okha.

Kugawa 8,000 ndi 120 kunandipatsa maola 66 ndi kachidutswa, kutanthauza masiku atatu osakwana pang'ono. Munthu wamba akanalekera pomwepo. Ine ndinapitiriza, chifukwa ndimaganiza mozama. Ndege iyenera kuima kuthira mafuta. Woyendetsa ndi munthu, ayenera kudya ndi kutsinzinako. Ulusi wanga unadutsa m'mayiko ambirimbiri, ndipo aliyense amene anawolokapo malire kupita ku Chipata amadziwa kuti dziko la eni sumangolowamo ngati m'munda mwako. Komanso, chachikulu pa zonse, ndi galimoto iti ya anthu imene inanyamukapo isanadzaze? Ndinawonjezera tsiku lathunthu.

"Auzeni amayi," ndinalengeza madzulo ake, nditayang'ana nkhokwe, "alendo afika Lolemba, dzuwa lili pamutu."

A Naphiri anandiyang'ana nthawi yaitali. "Koma bambo, pa wailesi paja amati apulezidenti anyamuka lero, mawa lake n'kumati afika ku Ulaya."

"Mayi," ndinatero mofatsa, ngati munthu wophunzira akamalankhula ndi wosaphunzira, "ndege ya apulezidenti siima pa siteji."

Anangoti, "Chabwino, Aphunzitsi," n'kupitiriza kusenda mtedza.

Tsono mudzi wonse unayamba kuyenda pa masamu anga. Lachisanu kuzira nyumba ndi kupaka laimu, kuti pofika Lolemba pakhale pouma. Loweruka kuphika thobwa. Lamulungu apongozi kukalukitsa tsitsi akaweruka kutchalitchi. Lolemba m'mamawa kupha mbuzi, ndipo masana amayi a kwaya adzaime pa msewu ndi nyimbo. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire, anthu ankabwera pansi pa mango paja kudzandifunsa zinthu. Ndinayamba kuyenda manja ali kumbuyo.

Panatsala nkhani ya chimbudzi. Chathu chinali chakale, chopendekera ngati chikumvetsera za kwa eni, ndipo chinali pafupi kudzaza. Apongozi anati mwana wawo sangachoke ku Mangalande ndi mwamuna wa ulemu wake n'kudzalowa mmenemo. Apa ndinaona mwayi woonetsa kuti mkono umene umagwira buku ungathenso kugwira piki. Ndinadzipereka kukumba chatsopano ndekha, ndipo ndinalemba ndondomeko pa chikatoni. Popeza malata awiri ndi mitengo yoyala pansi zinayenera kuchokera pa chakale, Lachinayi ndinachigwetsa n'kuchikwirira. Lachisanu kumaliza dzenje, Loweruka kuyala mitengo, Lamulungu kumanga mpanda ndi denga. Pa masiku apakatiwo tinapempha a Mbewe, oyandikana nafe nyumba, kuti tizikathandizidwa kwawo. A Mbewe ndi munthu wosachedwa kuvomera ndiponso wosachedwa kuseka. Chimbudzi chawo chinalibe denga, ndipo chitseko chake chinali thumba la saka lofika m'mawondo.

Taonani kukongola kwa ndondomekoyo. Tsiku limene Velonika ankakwera ndege ku London, ine ndinali kugwetsa chimbudzi ku Chiosya, ndikuimba mluzu.

Lachisanu masana ndinali pansi, mamita atatu. Okumba anzanga amasema timapondero m'mbali mwa dzenje kuti azikwerera. Ine ayi. Ndinawerengapo kapepala ka zaukhondo kamene kanajambula dzenje la makoma osalala, ndiye langa linali losalala ngati mkati mwa mtsuko. Ndinkatsika ndi kukwera pa makwerero. Malaya ndinali nditavula, ndipo kabudula amene ndinavala anali uja wa kumunda, amene kumbuyo kwake kunatsala chikhulupiriro chokha.

A Naphiri, amene ankandikokera ndowa ya dothi, anasuzumira. "Bambo, ndibwerekeko makwererowa, ndipake laimu pamwamba pa khoma. Ndibweza pompano."

"Tengani, mayi. Tili ndi nthawi yambiri."

Sipanapite theka la ola, ndinamva galimoto ikulowa m'mudzi. Kenako nthungululu. Ndinaganiza kuti ndi andale abwera kudzagawa nsalu, poti masiku amenewo ankabwera ngakhale osaitanidwa. Ndinapitiriza kusalaza khoma langa. Ndiye ndinamva mawu a apongozi, mawu amene sindinawamvepo akukwera chotero:

"Velo! Velo mwana wanga! Mayo ine!"

Mukuganiza kuti ndinati ndalakwitsa? Ayi ndithu. Ganizo langa loyamba linali lakuti anawa anasintha tsiku, anakwera ndege ya Lolemba lapitalo osatiuza. Ndinakwiya nawo pang'ono chifukwa cha kusalongosoka.

Zimene zinkachitika kumtunda ndinazimva pambuyo pake, kwa anthu osiyanasiyana, aliyense akuwonjezera zake. Apongozi anali ndi matope mpaka m'zigongono, tsitsi lili nyankhalala, ndipo anamukumbatira Velonika ndi bulauzi yake yoyera momwemo. M'nyumba simunkalowedwa, pansi panali pozira kumene. Masutikesi anawaika pa thandala, pamene mbuzi, imene malinga ndi chikatoni changa inali ndi masiku atatu a moyo, inayamba kulawa lamba wa chikwama cha a Chirwa. Chimera cha thobwa chinali chikadali ku chigayo. Za makwerero panalibe amene anakumbuka.

Ine ndinakhala pansi m'dzenjemo n'kupanga ndondomeko yatsopano: kukhala chete mpaka a Naphiri atandikumbuka, kenako kuzembera kubafa, n'kutulukira nditavala jekete ngati ndikuchokera ku msonkhano. Inali ndondomeko yabwino. Inalephera chifukwa cha tchipisi cha pa chiwaya chimene a Chirwa anadya panjira, m'mimba mwawo mutazolowera za ku Ulaya.

Ndinamva mapazi a changu akutsata kanjira ka kuseri kwa nyumba. Kenako m'mphepete mwa dzenje munaima nsapato ziwiri zonyezimira. Pamwamba pake panali suti, pamwamba pa suti tayi, ndipo pamwamba pa tayi nkhope ya munthu amene ali pa mayesero aakulu. Tinayang'anana. Anali munthu woleredwa bwino, moti ananjuta pang'ono n'kuomba m'manja.

"Pepani achimwene, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya inu bwana?" ndinayankha, nditatsamiritsa msana kukhoma chifukwa cha kabudula uja. "Takulandirani."

"Zikomo kwambiri. Ndimafuna... kuseri."

"Mwafika pamalo pake penipeni," ndinatero. "Kungoti mwafulumira ndi masiku atatu."

Asanayankhe, Velonika anatulukira akuwathamangira kuti awabweze, zidindo za manja a mayi ake zili kumsana. Anasuzumira, n'kugwira pakamwa, kenako anakhala pansi pa mulu wa dothi n'kuseka mpaka misozi.

"Alamu! Mwatsikira kumeneko kukatichingamira? Ifetu tadzera kumwamba!"

"Iwe Velonika, usandinamize," ndinatero, poti ulemu wa munthu umatha koma mtsutso sutha. "Mwanyamuka liti?"

"Dzulo madzulo."

"Dzulo liti?"

"Dzulo lomweli, alamu, limene linali Lachinayi. Kodi kalata simunawerenge ndinu?"

"Sizingatheke. Makilomita 8,000?"

"Inde, n'chapompo," anatero a Chirwa, akusinthanitsa miyendo. "Mwayeza bwino. Koma achimwene, mwina tingakambirane bwino ndikabwerako."

Apa anthu anali atayamba kusonkhana. Mitu inazungulira kamwa la dzenje, ine n'kumaiona ngati mphika umaonera anthu anjala. Kenako mituyo inapatuka, ndipo ndinadziwa kuti afika apongozi. Sanasuzumire. Mwambo anausunga bwinobwino: anaima chofulatira dzenje, n'kulankhula ndi mwana wawo, modekha ngati akuwerengetsa nkhuku.

"Naphiri, aperekeze alendowa kwa a Mbewe. Uwagwirire jekete, chitseko chake n'chachifupi."

"Chabwino amayi. Nanga makwerero ndibweretse?"

"Asiye pakhoma pomwepo. Bambo a kwanuwo apitirize ntchito. Malinga ndi masamu awo, alendo sanafike."

Anandikumbukira dzuwa litapendeka. Nditasamba n'kuvala jekete (imene tsopano siinkathandizanso chilichonse), ndinakakhala ndi a Chirwa pa mpando wa ndalema pabwalo. Anali atapepukidwa, ndipo anandifotokozera mokoma mtima, zimene zinandipweteka koposa kunditukwana. Anati m'mwambamo anakhalamo maola khumi ndi limodzi kapena kuposerapo pang'ono, kuphatikiza ndege ziwiri, poti anasintha ku Nairobi. Oyendetsa amakhala oposa mmodzi. Malire a mayiko amangowadutsa pamwamba anthu ali mtulo. Ndipo ndege imanyamuka pa nthawi yake, kaya yadzaza kaya ayi. (Ichi chokha mpaka lero chimandivuta kukhulupirira.)

Ndinawauza za chulu, za bulugama ndi za kaphiri. Anayang'ana nsapato zawo.

"Achimwene, ndege ija siinali pamwamba pa bulugama wanuyo ayi. Imakhala kutali kwambiri m'mwamba, ndiye mumaionera patali. Pamene inkaoneka ngati ili pa kaphiri kanuko, mwina inali italowa kale m'Zambia."

"Ndiye kuti ulusi sunalakwe?"

"Ulusi sunalakwe."

Ndinagwira mawu amenewo ngati munthu wokokoloka ndi madzi agwira bango. Ndinawabwereza kwa a Naphiri madzulo omwewo. Anandiyankha kuti ulusiwo ndiubweze, akufuna asokere kabudula.

Zotsalazo zinayenda chothamanga. Mbuzi inafa Loweruka, isanamalize lamba uja. Apongozi anajambulitsa zithunzi zonse atamanga duku. Alendo a ku London anaponda njira ya kwa a Mbewe masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, mpaka udzu unafota. Chimbudzi changa ndinachimaliza Lamulungu madzulo, chokongola, cha malata, ndipo a Chirwa anachilowa kamodzi, ndikukhulupirira mwaulemu chabe. Lolemba m'mawa alendowo ananyamuka kupita kumpoto kukaonekera kwawo kwa mwamunayo. Thobwa linafika pokoma tsiku lomwelo. Amayi a kwaya ochokera kumidzi ya kutali, amene uthenga sunawapeze, anafika dzuwa lili pamutu, ndendende monga ndinanenera, atavala yunifolomu. Anaimba nyimbo ziwiri zolandira alendo akuyang'ana matayala a galimoto pa fumbi, n'kumwa thobwa lija.

Patapita miyezi iwiri kunabwera kalata ina ya masitampa a ku Mangalande. Ndinaiona ikulowa m'mudzi. Ndinatsuka kukhosi, n'kukakhala pamalo panga pafupi ndi nkhokwe. Ndinadikira. Kenako ndinaona apongozi akudutsa chapatali, kalata ili m'manja, akulowera kwa mayi wina wa kumpingo amene amawerenga akulondola ndi chala, liwu limodzi limodzi ngati akutola nyemba. Kalata imene ine ndikanaimaliza pa mphindi zitatu inawatengera masana onse. Koma mayi ameneyo akafunsidwa chimene sichinalembedwe, amati sakudziwa, ndipo zikuoneka kuti luso limeneli pamudzi pano limagulidwa kuposa langa.

Phunziro ndinalitola, ngakhale sindinganene kuti lonse. Masiku ano munthu akandifunsa za ulendo, ndimayamba ndanena kuti sindikudziwa. Kenako, akapanda kuchoka msanga, ndimamuuzako maganizo anga.

A Mbewe okha ndiwo anapindula. Anayamba kuuza aliyense wodutsa kuti kuseri kwawo kunalowapo anthu a ku London, ndipo thumba la saka lija anakana kulisintha. Tsiku lina anandipeza ndikukonza mpanda wa pakati pa nyumba zathu, nkhope ili gwa. Anatsamira mzati, n'kundiyang'ana mwachifundo.

"Aphunzitsi, musadandaule, anthu amaiwala. Ine ndiye masamu anu ndimawakhulupirirabe. Ulendo wina akamadzabwera a pa ndegewo, mudzandiuze ndithu tsiku limene mwapeza. Masiku atatuwo ndidzachotsera ndekha, ndiyambiretu kusesa."